Kawaya ka Galasi m'Mutu mwa Bwenzi Langa

Anabwera naye Lachiwiri m'mawa, anthu odutsa atamutola m'ngalande kuseri kwa msika. Ine ndinali m'kachipinda kanga pafupi ndi fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ndikupukuta makina, pamene anesi aakulu anakankha chitseko ndi phazi.

"Kawaya, konza zida zako. Kwabwera mutu, ndipo amene waumenyayo sanali kusewera."

Pachipatala pano dzina langa lenileni analiiwala kalekale. Ndine Kawaya basi, chifukwa cha ntchito yanga. Ubongo wa munthu ukavulala umatupa, ukatupa umatentha, ukatentha umatupiratupira mpaka mwini wake kutsirizika. Choyezera cha m'khwapa chija n'chabodza pa nkhani imeneyi, chimadziwa za khwapa lokha. Ndiye adokotala amaboola kabowo pachigaza n'kulowetsa kawaya ka galasi, kopyapyala ngati tsitsi limodzi. Kuwala kumayenda m'kawayamo, kumakagunda kunsonga imene ili mu ubongo n'kubwerera, ndipo makina anga amawerenga kutentha kuchokera m'kuwala kobwererako. Wokayeza kasanalowe ndine, wokalumikiza ndine, wokalondera ndine. Tinaphunzira awiri ntchitoyi, koma mnzangayo ali kunyumba ndi khanda la masabata awiri.

Ndinalowa m'fiyeta nditavala kale magolovesi. Nkhope ya wodwalayo inali itatupa moti ngakhale womubereka akanamudutsa. Diso lamanzere litatsekeka, khutu litang'ambika, tsitsi atalimeta kale mbali imene chigaza chinasweka. Koma dzanja linali lende pambali pa bedi, ndipo pa chala chachikulu panali chipsera cha moto chimene ndinachipsompsona Lamlungu lomwelo.

Mayo ine! Anali Mafiriji.

Mafiriji ndi mnyamata amene anabwera chaka chatha kudzakonza firiji ya m'kachipinda kanga. Ntchito ya ola limodzi anaikoka masiku atatu. Tsiku lachitatulo, mutu uli m'firiji, anandifunsa kuti, "Ndamva kuti mumayeza kutentha kwa mitu ya anthu. Wangawu mungauyeze? Chikuonereni inu sukuzizira." Ndinamuuza kuti akonze firiji, asiye zopusa. Koma ndinaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunandigwetsa. Inali itatha miyezi isanu ndi itatu, ndipo kuntchito sindinauze munthu.

"Kawaya, waima bwanji ngati chipilala?" anafunsa adokotala, chobowolera chili m'manja.

"Sindinadye m'mawa, adokotala."

"Ukadya tikamaliza. Bwera nako kuno."

Ndinawapatsa. Ndinaona ndi maso angawa kawayako kakulowa m'mutu mwa munthu amene ndinkafuna kukwatiwa naye. Makina anaphethira kawiri, kenako analemba 39.2.

"Mutu umenewu utsike, ndipo usapitirirenso 38," anatero adokotala. "Masiku atatu. Ukapitirira, tikhala tikuyeza mtembo."

* * *

Foni yanga inali m'kabati. Nditaitsegula masana ndinapeza mauthenga awiri.

Woyamba unali wa Mafiriji, wa 8 koloko: "Achimwene ako andiitana ku matayala. Akuti tikambirane ngati amuna. Ndavala shati yoyera ija. Lero ndikawauza kuti ndikukukwatira, usaope."

Wachiwiri unali wa achimwene, wa 9 koloko: "Nkhani ya chibwenzi chako yatha. Usandifunse."

Ndinathamanga ndi yunifolomu yomwe. Malo amene achimwene amamatirapo ndi kupopa matayala ali mtunda wa mphindi khumi ukadutsa mumsika. Ndinawapeza akukolopa pansi. Zaka khumi ndi ziwiri chitsegulire malo aja, sindinawaonepo akukolopa. Chitsulo chochotsera matayala chinali chitaviikidwa m'beseni loyezeramo machubu, ndipo madzi ake anali ofiira.

Ndinatola nati ya gudumu n'kuwagenda nayo. Inawapeza pachipumi.

"Mwamupha! Mwandiphera munthu!"

Anadzuka, anandigwira pakhosi, anandikankhira pa mulu wa matayala. Achimwene amene anandilera bambo atamwalira, amene ankandiluka tsitsi mokhotakhota kuti ndisachedwe kusukulu, anandifinya mpaka maso anachita mdima. Kenako anandisiya mwadzidzidzi ngati agwira chitsulo chamoto.

"Werenga," anatero, akundiponyera foni yawo.

Kachithunzi ka wotumizayo ndinakadziwa nthawi yomweyo. Anali Wasaluni, mkazi amene amakonza tsitsi la amayi ake a Mafiriji, yemwe amayiwo anamusankha kale kuti ndiye mpongozi wawo. Analemba kuti: "Bambo, ndili ndi pathupi pa Mafiriji pa miyezi inayi. Mlongo wanu akungomuseweretsa. Kwa anzake amamutchula chopukutira m'manja."

"Ndinangofuna kuti avomere," anatero achimwene. "Ndamuonetsa, iye n'kuseka. Kuseka pamaso panga! Ati, 'Alamu, zimenezi ndi nthabwala.' Alamu? Ine alamu ake?"

"Anaseka chifukwa ndi bodza! Mkazi ameneyo wamuthamangira zaka ziwiri osamupeza. Pakamwa mulibe kuti mundifunse ine?"

"Ali moyo?"

"Mukufunsa kuti mukamalizitse?"

Anakhala pa tayala, magazi akutsikira m'diso osawapukuta. "Ndinamenya kamodzi. Mwina kawiri, sindikukumbuka. Iwe, ukanditchula ndikafera kundende. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa lake liti? Ngati lija mwaswa m'mawa uno?"

Ndinatuluka osatembenuka. Ndinkadana nawo tsiku limenelo, ndipo ndinkawakondabe, ndipo ziwirizo zinkandipweteka mofanana.

* * *

Mafiriji tinamugoneka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pa mphasa ya pulasitiki yoyenda madzi ozizira mkati, wopanda chofunda kupatula kansalu m'chiuno. Thupi limayenera kuzizira kuti mutu utsike. Ukamugwira mwendo unkakhala ngati wagwira botolo lochokera m'firiji, koma pofika Lachitatu masana makina ankalemba 37.5, ndipo ine ndinayamba kupuma ngati munthu.

Ndi pomwe anatulukira amayi ake, Wasaluni ali pambuyo atawanyamulira chikwama ngati mwana womvera. Akulu ake a Mafiriji awiri, amene amayendetsa lole ya mchenga, anatsala pakhonde akufunsa aliyense wodutsa ngati wamva amene wachita zimenezi.

Amayiwo anali atandionapo kamodzi, tsiku limene Mafiriji anapita nane kwawo. Anandipatsa mpando wothyoka mwendo, ndipo anacheza ndi khoma mpaka ndinatsanzika.

"Iwe ukutani pano?"

"Ndimagwira ntchito pano, amayi."

Anagwira phazi la mwana wawo n'kukuwa. "Mayo! Mwana wanga wazizira! Mwamuvula ngati wakuba, mwamugoneka pamadzi! Mabulangete anatha chipatala chonse chino?"

"Amayi, thupi talizizitsa dala. Chimene chikutentha ndi mutu. Mukuona nambala iyo? Ikuchokera mkati mwenimweni mwa ubongo, kudzera m'kawaya aka. Chonde musamufunditse, ndipo kawayaka musakakhudze, ndi ka galasi."

"Dzanja langa likuti wazizira, iwe ukuti TV yako ikuti watentha. Ndikhulupirire TV? Ana asanu ndalera ine. Wodwala amafunda, chiyambire dziko."

Wasaluni anawasisita paphewa n'kuwanong'oneza kena kake, iwo n'kugwedeza mutu. Ndikanadziwa, ndikanauza alonda kuti asadzawalowetsenso.

Patapita kanthawi ndinamupeza yekha pa sinki ya pakhonde, akudzola milomo.

"Mimba ya miyezi inayi ija waisiya kuti? Ku saluni?"

Sanatembenuke n'komwe. "Ili pomwe ikufunika."

"Uthenga wako ndi umene wamugoneka apo, njoka iwe."

"Ine ndinalemba, sindinamenye. Wamenya ndani? Tiye tikawauze amayi tonse awiri, uyambe ndiwe." Anadziyang'ana pagalasi mbali iyi ndi iyo. "Akadzuka adzafuna mkazi womusamala, osati mlongo wa chigawenga. Akapanda kudzuka tonse taluza, koma iwe waluza awiri."

Ndinagwira sinki ndi manja onse awiri kuti ndisamugwire iyeyo.

* * *

Lachinayi m'mawa ndinakoka mpando pafupi ndi bedi lake, ndikunamizira kuti ndikuona polumikizira.

"Iwe Mafiriji," ndinanong'ona, "paja unkafuna ndikuyeze mutu. Ndakuyeza. Ndi 37.4. Unkandinamiza eti, kuti ukutentha chifukwa cha ine? Dzuka udzadziyankhire. Shati yako yoyera aidula ndi sizasi, ndakusungira mabatani. Ndipo firiji ija yayambanso kuchucha, ndiye usaganize kuti wathawa."

Chikope cha diso labwinolo chinagwedezeka pang'ono. Mwina ndinangoona zimene ndinkafuna kuona, kaya.

"Kawaya." Anesi aakulu anali ataima kumbuyo kwanga ndi thireyi ya majakisoni. "Munthu uyu ndi ndani wako?"

"Ndi wodwala basi."

"Wodwala basi umamusungira mabatani? Ndinakuona Lachiwiri lomwe, unayera milomo ngati wadya ufa. Adokotala akamva akuchotsa pa bedi ili. Koma akachotsa iwe aikapo ndani? Ine sindinamve kanthu. Pukuta m'maso, ukuopseza odwala."

Atachoka ndinatsegula foni. Achimwene anali atalemba kanayi. "Ali bwanji?" "Sindikudya." "Dzulo ndapopa tayala mpaka laphulika." "Mlongo wanga, yankha."

Ndinayankha kuti: "37.4."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti simunakhalebe wopha munthu. Pempherani ikhale pomwepo mpaka mawa."

* * *

Masana a tsiku lomwelo, nthawi yoona odwala, anandiitana ku fiyeta kukadzutsa makina ena amene anazima opaleshoni ili mkati. Anesi awiri a m'chipinda chija anali pa bedi lakumapeto, akulimbana ndi bambo wina amene mtima wake unkaimaima. Ndinachoka ola limodzi ndi mphindi zochepa.

Pobwera ndinapeza makatani atatsekedwa kuzungulira bedi la Mafiriji. Pampu ya madzi ozizira, imene imalira usana ndi usiku, sinkamveka.

Ndinakoka katani. Mabulangete atatu aubweya, a kunyumba. Chipewa choluka atamuveka pamwamba pa bandeji ndi kawaya komwe. Mabotolo awiri a madzi otentha m'khwapa. Pulagi ya pampu ili pansi, pamalo pake Wasaluni akutchajirapo foni. Belu la makina anga linkalira ndithu, koma atalikulunga thaulo kuti lisasokoneze wodwala.

Nambala inali 39.8.

"Tamuona," anatero amayi monyadira. "Wayamba thukuta. Magazi abwerera."

Ndinakoka mabulangete onse atatu n'kuwataya pansi, mabotolo n'kuwagenda kukhoma. Mbama ya amayi inandipeza pakhutu, yachiwiri pakamwa. Magazi anadzaza m'kamwa koma manja anga anali pa pulagi. Ndinazula tchaja, foni ya Wasaluni n'kugwa pasimenti n'kusweka, pampu n'kuyambanso kulira.

"Mfiti iwe! Ukufuna umumalize!"

Wasaluni anandilumphira kumsana, zikhadabo zake zomata zija zili m'tsitsi langa. Anandimenyetsa chipumi pa chitsulo cha bedi, kamodzi, kawiri. Ndinamuluma pamkono mpaka anakuwa n'kundisiya. Ndinatembenuka n'kumupatsa chibakera cha pamphuno chimene ndinamusungira chiyambire Lachiwiri, ndipo sindinama, chinandikomera. Anadzandira chambuyo, magazi ali chuchuchu, dzanja likufunafuna pogwira.

Chimene anagwira chinali kawaya.

Sikanamveke n'komwe. Galasi lopyapyala choncho limaduka mwakachetechete. Ndinangoona mutu wa Mafiriji ukugwedezeka pang'ono, ndipo pa makina, pomwe panali nambala, panatsala timizere tiwiri. Mwendo wake wamanja unayamba kugunda bedi, kenako mkono, kenako thupi lonse. Anesi anabwera akuthamanga n'kutikankhira tonse atatu kunja.

* * *

Pasanathe theka la ola adokotala anatuluka ndi chithunzi cha m'mutu. Tinali pakhonde la fiyeta, ine thonje lili pakamwa, Wasaluni thaulo lili pamphuno.

"Nsonga ya galasi yatsalira mkati, ndipo pokoka paja yakanda mtsempha. Magazi akutayikira mu ubongo. Tiyenera kutsegula pompano, tiichotse, tiike kawaya kena. Popanda kameneko tikhala tikuziziritsa mutu mongopenekera. Mayi, sayinani apa."

Amayi anapinda manja. "Sindisayina. Mwamuboola kamodzi, mukufuna kumuboolanso? Ndimutenga. Akafere kunyumba ali m'bulangete ngati mwana wa munthu."

"Ndikhoza kukapempha chilolezo kwa akuluakulu, koma papita ola. Mwana wanu alibe ola limenelo."

Ndinagwada. Ine amene chikulire sindinagwadirepo munthu, ndinagwada pasimenti n'kugwira mapazi awo.

"Amayi, ndimenyeni mpaka mawa, munditukwane, mundiletse kumuonanso. Koma sayinani."

Ndi pamene Wasaluni analankhula, mawu akutulukira m'thaulo. "Mufunseni kaye kuti anamumenya ndani. Akudziwa ameneyu."

Akulu ake a Mafiriji awiri aja anasiya kutsamira khoma.

"N'zoona?" Amayi anandigwira chibwano n'kundidzutsa nkhope, zala zawo zikulowa pabala. "Masiku onsewa ukundiyang'ana m'maso ukudziwa? Mutchule, ndisayina. Ukapanda kumutchula, wamupha ndiwe."

"Mayi, ino si nthawi yake," anatero adokotala.

"Khalani chete inu! Mwana ndi wanga!"

Kuseri kwa chitseko ndinkamva makina akumupopera mpweya. Ndinaganiza za achimwene atakhala pa tayala paja, magazi ali m'diso. Ndinaganiza za chala chachikulu chokhala ndi chipsera. Ndinkachita mantha kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali nditanyowa kale.

"Ndi achimwene anga," ndinatero. "A matayala."

Amayi anatenga cholembera n'kusayina pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo. Ndinkayembekezera kuti atchula polisi. Iwo anangotembenukira kwa ana awo.

"Mwamva. Mukudikira chiyani?"

Wamkuluyo anatulutsa makiyi a lole. Mng'ono wakeyo anafunsa ngati mafosholo ali kumbuyo, ndipo anamuyankha kuti alipo.

"Amayi, ayi! Anawanamiza ndi uyu! Anawatumizira uthenga wabodza, uli m'foni mwawo!"

Palibe anamva. Amuna awiriwo anali atatsika kale. Ndinaimbira achimwene ndikuthamangira kumasitepe, foni inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Kompuresa yawo yopopera matayala ikamalira samva ngakhale bingu. Lole iyenera kuzungulira msika wonse, ine wapansi ndikhoza kudutsa pakati. Ndikanathamanga, achimwene ndikanayamba kuwapeza ndine.

"Kawaya!" anakuwa adokotala ali pachitseko cha fiyeta. "Katsopanoka sindingakalowetse usanakayeze, ndipo palibe wina. Ukulowa kapena ayi?"

Ndinaima, phazi limodzi lili pa sitepe. Anesi aakulu anandifika n'kuchotsa foni m'manja mwanga mofatsa.

"Ndiimbira apolisi, ndipo achimwene ako ndiziwaimbirabe mpaka ayankhe. Pita ukasambe m'manja."

Polisi ili kutsidya kwa tauni, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo.

Ndinasamba m'manja. Kuyeza kawaya katsopano kumatenga mphindi khumi ndi zisanu. Umakaviika m'madzi amene kutentha kwake ukukudziwa, katatu, dzanja osaligwedeza, mpaka makina agwirizane ndi madziwo. Ukachita zothamanga kamanama, ndipo bodza lakelo limalowa nako m'mutu mwa wodwala. Ndinakaviika koyamba. Pazenera la kachipinda kanga geti limaoneka lonse. Lole ya mchenga inaima pang'ono kudikira kuti alonda akweze chitsulo, kenako inakhotera kumanzere, njira ya ku matayala.

"Nambala?" anafunsa adokotala kuseri kwa chitseko.

Misozi inkatsikira mkati mwa masiki, ndipo ndinalibe dzanja loipukutira.

"37," ndinayankha. "Kwatsala kawiri."